Geti Silitseguka Chiwerengero Chisanakwane

Atate anandiuza kuti akufuna kupita kwawo sabata lomwelo limene zithunzi zoyamba za nyenyezi ina ya mchira zinafika pa laputopu yanga. Munali mu Julaye, mphepo ya ku Kabwe ikunyamula fumbi la kumgodi wakale n'kumalithira pa zovala zimene wayanika, m'maso, ngakhale m'kapu ya tiyi. Anali atakhala pampando wawo pakhonde la nyumba yathu ku Ngungu, miyendo yotupa ataisanjika pa chidebe, ndipo analankhula mmene ankalankhulira masiku onse, osakweza mawu, osabwereza.

"Undiperekeze ku Petauke. Ndikufuna mlongo wanga andione ndikupuma."

Sindinadabwe. Adokotala anali atatiuza kale kuti mtima wawo watopa. Ndipo kwathu munthu wamkulu akanena mawu otere sumufunsa chifukwa. Amafuna kukagona kumene anagona amayi ake ndi amalume ake, koma amafuna kukafika yekha, kupereka moni, kumwa madzi a pamudzipo, osati kulowa m'mudzi ali m'bokosi. Amayi anga anali atatisiya kalekale, m'nyumbamo tinali awiri basi, ndiye woperekeza panalibe wina koma ine. Ndinavomera. Ndinangowapempha kuti andipatse masabata ochepa, ndimalize kaye ntchito ya nyenyeziyo.

Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale, ndipo nthawi imeneyo ndinalinso pa maphunziro apamwamba, aja ophunzira uli kunyumba kwako. Mayi amene ankandiyang'anira pa maphunzirowo sindinakumanepo nawo maso ndi maso. Tinkangolemberana. Iwowo ndiwo anandiuza kuti ndisiye zonse zimene ndinkachita, kwabwera mlendo. Nyenyezi za mchira zimene timazidziwa ndi za dzuwa lathu lomweli, zimazungulira n'kubweranso ngakhale patapita zaka zambirimbiri. Iyi ayi. Inachokera kunja, pakati pa nyenyezi zina, ndipo inkathamanga kwambiri moti dzuwa silikanatha kuigwira. Inali kudutsa kamodzi kokha, osadzabweranso mpaka kalekale. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo ine ndinkawauza atate mwambi umenewu ngati kuti sankaudziwa.

Telesikopu yojambulira nyenyeziyo sindinaikhudzepo n'komwe. Ili pamwamba pa phiri kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndipo anthu a kumeneko ankajambula ife tili m'tulo kapena tikukonzekera kupita kuntchito. Ine zithunzi ndinkazipeza masana ndikaweruka, malaiti akakhala kuti alipo. Akakhala kuti apita, ndipo ankapita kawirikawiri, ndinkagwiritsa ntchito moto umene ndatchaja kusukulu, ndikutukwana chamumtima kuti batire lisathe ndisanamalize.

Amene akuganiza kuti ndinkaona chinthu chokongola chokhala ndi mchira wowala adzinamiza. Kanali kadontho kotuwa, ngati pamene wakhudza galasi ndi chala chamafuta. Telesikopu inkatsatira kadonthoko, choncho pachithunzi iko kanali phee pakati, koma nyenyezi zina zonse zinkaoneka ngati timizere, zikuthawa. Poyamba zimenezi zinkandisokoneza mutu. Chinthu chothamanga kuposa zonse ndicho chinkaoneka choima, chikundiyang'ana.

Ntchito yanga inali yotopetsa, musamve za anthu. Pa chithunzi chilichonse ndinkajambula kabwalo kuzungulira kadonthoko, kuyeza kuwala kwa mkati mwake, n'kuyerekeza ndi nyenyezi zimene kuwala kwake sikusintha. Kadonthoko kakadutsa pamwamba pa nyenyezi ina, chithunzicho chaonongeka, kutaya. Ndipo miyezi imeneyo kankadutsa pamalo othithikana nyenyezi, moti ndinkataya zambiri kuposa zimene ndinkasunga. Chimene tinkafuna n'chakuti: pakati pa chifunga cha kadonthoko pali phata, chimwala cha madzi oundana ndi fumbi, ndipo si chobulungira bwino. Chikamatembenuka, nthawi ina chimationetsa mbali yaikulu, nthawi ina yaing'ono, ndiye kuwala kumakwera n'kutsika. Ukawerenga bwino kukwera ndi kutsikako, umadziwa kuti chimatenga maola angati kuti chitembenuke kamodzi. Phatalo palibe analiona ndi maso. Tinkangolidziwa ndi mmene kuwala kunkapumira.

Tsono ndinene za atate, chifukwa popanda kuwadziwa iwo nkhaniyi siimveka. Anagwira ntchito yolondera akaidi kundende ya Mukobeko kuyambira ali mnyamata mpaka kupuma, ndipo ine ndinakulira m'nyumba za alonda kumeneko. Munthu wa nsapato zowala, wa lamba wowongoka, wosadziwa nthabwala. Kundende akaidi amawerengedwa pa nthawi zake, ndipo lamulo limene atate ankalilemekeza kuposa ena onse linali lakuti chiwerengero chikapanda kukwana, geti silitseguka. Mlonda sapita kunyumba ngakhale nthawi yake itakwana, ngakhale mkazi wake atadwala. Amawerenganso, n'kuwerenganso, mpaka zigwirizane. Ndili mwana tinkadikira atate mpaka chakudya kuzizira, amayi n'kungoti, sichinakwane. Atapuma ntchito khalidwelo silinawachoke. Ankawerenga mbale, nkhuku za aneba, mapiritsi awo, ndipo asanagone ankagwira chitseko chilichonse kawiri.

Tsiku lina masana anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Ndinali nditalumikiza zithunzi za usiku umodzi kuti zizisinthana mofulumira, kadontho kaja kakuwala, kakuzilala pang'ono, kakuwalanso. Ine ndinkafunika manambala kuti ndione kusinthako, koma iwo anakuona ndi maso. Anayang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenako anati ameneyu akutembenuka m'bulangete. Anandifotokozera kuti pa chitseko cha chipinda cha mkaidi pamakhala kabowo, ndipo mlonda akamazungulira amasuzumirapo. Nkhope suiona, umangoona bulangete. Likamakwera n'kutsika, munthu alimo. Likasuntha, watembenuka. Amene ankawaopa anali ogona osasuntha. Ndinaseka, ndinati atate mwaimvetsa ntchito yanga kuposa ana a m'kalasi langa. Iwo sanaseke. Anasendeza nkhope pafupi ndi laputopu.

"Koma uyu sakugona," anatero. "Akudziwa kuti pali wina pakabowo."

Kunja kunali dzuwa, minibasi zikuimba mabelu kumsewu, koma tsitsi linandiima. Ndinawauza kuti asandiopseze ndi zakundende zawozo, ndi chimwala chabe ichi. Anangogwedeza mutu n'kubwerera pakhonde.

Vuto linali lakuti telesikopu imodzi imaona usiku wokha. Kukacha, pamakhala mpata waukulu wopanda zithunzi, ndipo mumpatamo sudziwa kuti chatembenuka kangati. Ndikayika madontho anga pa pepala, mayankho awiri ankakwanira bwinobwino, lina lalifupi, lina lalitali, ndipo panalibe njira yosankhira popanda zithunzi za telesikopu ina ya mbali ina ya dziko, yoona pamene yathu yagona. Nditawafotokozera atate zimenezi, nkhope yawo inamasuka ngati munthu amene wamva chilankhulo cha kwawo. Anati ndiye kuti chiwerengero sichinakwane. Ndinati eya, ndi momwemo. Anati basi, palibe wotuluka, tidikira. Sindinawakakamize ine. Lamulolo analiika okha pa ntchito yanga, ndipo ndinakondwera mumtima kuti ndapeza mkulu womvetsa zinthu.

Komabe chikwama chawo analongeza. Chinali chikwama chakale chachikopa, ndipo anachiika kuseri kwa chitseko cha pabalaza, pamwamba pake jekete, pambali pake nsapato zopolisha. M'mawa uliwonse ndikamatuluka ndinkapunthwa nacho. Madzulo aliwonse ndikatseka laputopu ankafunsa mawu amodzi omwewo, chakwana? Ine n'kuti sichinakwane. Iwo n'kuti chabwino, n'kukagwira zitseko zawo.

Chinakwana chakumapeto kwa Ogasiti, sukulu zili pa tchuthi. Linali Loweruka. Zithunzi za telesikopu yachiwiri zinafika, ndinaziyeza kuyambira m'mawa osadya kanthu, ndipo nditapinda madontho onse pa yankho limodzi anangogwera pamzere umodzi wokhotakhota, osatsala ngakhale limodzi. Pa yankho linalo anamwazikana. Ndinavina ndekha m'chipinda, mayi wamkulu ngati ine, chitenje chikugwa. Amene ankandiyang'anira aja anayankha tsiku lomwelo kuti ntchito ndi imeneyi, yakwanira pa maphunziro anga, ndikhoza kupuma.

Akanathera pomwepo bwenzi nkhani ili ina. Koma anawonjezera mawu pansi pake. Anati nyenyeziyo ikuyandikira dzuwa, madzi oundana ayamba kutentha, ndipo pa zithunzi zatsopano pakuoneka ngati pali utsi wa fumbi ukufuka kuchokera pamalo amodzi a phata lija. Phatalo likamatembenuka, utsiwo uyenera kumapendekera uku ndi uku. Anati wina atautsatira tsiku ndi tsiku mpaka kumapeto kwa Seputembala, pamene nyenyeziyo ikabisale kuseri kwa dzuwa, akhoza kuonetsa chinthu chachikulu, ndipo dzina lake lidzakhala loyamba pa pepala lofalitsa zotsatirazo. Anati sakundikakamiza. Kumudzi kwa atate kulibe malaiti, ndipo netiweki amaipeza atakwera pachulu. Ntchito imeneyo sikanatheka kumeneko.

Madzulo atate anafunsa funso lawo. Tchuthi chinali chikadalipo, masabata okwanira kupita, kukhala nawo, n'kubwerera. Ndinayang'ana chikwama chija, ndinayang'ana iwo, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akale omwewo, akuti sichinakwane. Linali bodza, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bodza pamene ndinkalinena. Ndinadziuza kuti mwezi umodzi si kanthu kwa munthu amene wadikira kale miyezi iwiri. Iwo anandiyang'ana pang'ono kuposa masiku onse, n'kuti chabwino.

Kuyambira pamenepo m'nyumba muja simunalinso bwino. Sindinganene kuti chinasintha n'chiyani. Kuti uone utsi uja umafunika kuchotsa pachithunzi kuwala konse kofanana kozungulira kadontho, kutsale chokhacho chosiyana. Ukatero chithunzi chimada bii, ndipo pakati pamatsala chinthu chotuwa chotambasuka ngati dzanja. Tsiku lililonse ndinkayeza kumene dzanjalo laloza. Lero lapendekera kuno, mawa uko, kenako labwerera. Nthawi yomweyo kupuma kuja kwa kuwala kunayamba kuchepa, chifukwa fumbi linachuluka n'kuphimba phata. Chinthucho chinali kudzifunditsa. Ndinayamba kudana ndi kuchiyang'ana ndili ndekha m'chipinda, ine mphunzitsi wa sayansi, moti ndinkagwira ntchito chitseko chili chotsegula. Atate anasiya kukhala pambali panga. Ndikachoka pang'ono kukamwa madzi, ndinkapeza ataphimba laputopu ndi kansalu ka patebulo. Nditawafunsa anati sibwino kusiya kabowo kali pululu.

Pali mayi wina wa ku Makululu amene amayenda ndi beseni la repu ndi tomato m'makomo mwathu, wolankhula Chibemba chosakaniza ndi Chinyanja. Tsiku lina m'mawa, sukulu zitatsegulidwa, anandiimitsa pageti n'kundifunsa ngati bashikulu, kunena atate, ayenda bwino. Ndinati ayenda kupita kuti? Anati wawaona dzulo lake m'mawa pa siteji ya minibasi za m'tauni, atavala jekete, chikwama chili m'manja, ataima mowongoka ngati pa perete. Anawapatsa moni, iwo osayankha, maso ali kumsewu. Ine ndine wa mtima wapachala, aliyense ku Ngungu amadziwa. Ndinamukalipira mayi uja kuti asamayende ndi mabodza pamodzi ndi ndiwo, atate sangafike n'pageti pomwe osapuma katatu. Iye sanakwiye. Anangoti mwaulemu wa Chibemba, mukwai, ine maso anga ndi abwino, n'kusenza beseni lake. Ndinabwerera m'nyumba. Atate anali m'tulo, pakamwa pali yasa. Nsapato zinali pamalo pake, zili ndi fumbi. Koma ku Kabwe mwezi umenewo n'chiyani chimene chilibe fumbi? Ndinazipukuta ndi mpango wanga n'kupita kuntchito mochedwa.

Patapita masiku angapo azakhali anaimba. Ndiwo mlongo wawo wa atate amene ankamunena uja, wamkulu kwa iwo, ndipo foni sakonda, amaimba pakakhala nkhani. Sanayambe ndi moni. Anafunsa ngati tanyamuka. Ndinati ayi. Kenako anati dzulo dzuwa lili paliwombo, akusenda mtedza kuseri kwa nyumba, anamva odi pakhomo. Mawu a mlongo wawo, mmene amachitira odi iye, kamodzi kokha. Anayankha kuti lowani, anazungulira nyumba, anapeza nkhuku zokha. Anati mwana wanga, munthu mtima ukatsogola, thupi lisamachedwe. Ndinawayankha mwaukali kuti izo ndi zamakolo, anamva mbuzi, ndipo tibwera mwezi ukatha. Ndinadula foni. Ndinatsegula laputopu, chifukwa zithunzi za tsikulo zinali zitafika.

Utsi uja ndinaugwira, ndisabise. Unkapendekera mogwirizana ndi kutembenuka kwa phata, monga mmene tinkaganizira. Zinalembedwa, ndipo dzina langa lili poyamba. Wofuna akawerenge, ine sindiwerenga.

Kutatsala sabata imodzi kuti nyenyeziyo ibisale, atate sanafunse funso lawo. Anandiitana kuchipinda kwawo madzulo, dzuwa lisanalowe. Anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akupuma movutikira, mawu akutuluka awiriawiri. Anati pa ntchito yawo anaona alonda ambiri akuwerenga. Amene chamusowa chiwerengero amatuluka thukuta, amathamanga uku ndi uku, sadya. Anati ine ndinali wotero mu Julaye. Koma kuyambira Loweruka lija limene anamva mapazi anga akuvina m'chipinda, ndimadya bwino, ndimagona bwino, ndipo ndikamati sichinakwane ndimayang'ana pansi.

Sindinakane. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene, mwezi wonsewu.

"Makiyi ali ndi iwe," anatero. "Mlonda satsutsana ndi wogwira makiyi. Ukadzatsegula, ndidzatuluka."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo chifukwa ndine mwana wopusa, manyaziwo anasanduka mkwiyo. Ndinawauza kuti muno si m'ndende, iwo si mkaidi, akanatha kungondiuza kuti mwana iwe tiye. Kenako ndinalira, ndinagwada pamiyendo pawo yotupa ija n'kulonjeza kuti Loweruka tikunyamuka, ndipempha chilolezo kusukulu. Linali Lachiwiri. Apa ndiye pamene pamandiwawa kwambiri ndikakumbukira. Ndikanatha kunena kuti mawa. Ndinati Loweruka chifukwa ndinadziwa kuti Lachinayi ndi Lachisanu kukubwera zithunzi zomaliza.

Lachinayi ndikuchokera kusukulu ndinawapeza atagwa pabalaza, pafupi ndi chitseko. Anali atavala nsapato imodzi. Aneba anandithandiza kuwanyamulira mu takisi, ndipo kuchipatala anakhala masiku asanu ndi anayi. Potuluka adokotala anandikokera pambali n'kundiuza mosabisa kuti za ulendo ndiiwale. Kuchoka ku Kabwe kukafika ku Lusaka, kuchoka apo tsiku lonse pa msewu wa kum'mawa, kutentha kwa ku Luangwa, sangafike. Ndinawachonderera ngati kuti iwo ndiwo anali ndi mlandu. Anati mwezi wapitawu zikanatheka.

Nyenyezi ija inalowa kuseri kwa dzuwa. Zithunzi zinasiya kubwera. Okutobala yense ndinali womasuka, wopanda chochita ndikaweruka, ndi nthawi yambirimbiri imene ndinkati ndilibe. Kunkatentha moti malata ankalira. Atate sankatulukanso pakhonde, ndipo kulankhula kunachepa mpaka kutsala kupempha madzi. Sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo ine ndinkalakalaka atanditukwana. Chikwama sindinachichotse kuseri kwa chitseko, ndinkaopa kuti akamva ndikuchisuntha adziwa. Ndinkaima pakhomo la chipinda chawo, chitseko nditatsegula pang'ono kuti ndisawadzutse, ndikuyang'ana nsalu imene anafunda ngati ikukwera n'kutsika. Masana ena, ndikutsuka mbale, ndinamva chitseko cha kumaso chikugwedezeka kawiri, mmene ankachitira iwo poyesa loko. Ndinathamangira kuchipinda manja ali ndi sopo. Nsalu inali itasiya kusuntha.

Tinawatengera kwawo m'bokosi. Tinalowa m'mudzi dzuwa likupendeka, anthu atadzaza kale pabwalo, ndipo kulira kunayamba galimoto isanaime. Azakhali sanalire nthawi imeneyo. Ndi mayi wamfupi, wouma thupi, wa maso ofanana ndi a atate, ndipo anangoima pakhomo manja ali kumbuyo mpaka bokosi litalowa.

Kwathu maliro akachokera kutali, amene anali ndi wodwalayo amakhala pansi pamaso pa abale n'kufotokoza mmene matenda anayendera, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. M'mawa mwake, tisanapite kumanda, anandiyalira mphasa pakati pa akuluakulu a banja. Ndinali nditakonzeka. Ndinanena za mtima, za miyendo yotupa, za mapiritsi, za kugwa, za mawu a adokotala akuti sangayende. Zonsezo zinali zoona. Amuna ankagwedeza mitu, ena ankati mwana wayesetsa, kusamala kholo wekha m'tauni si masewera. Ndinkaona kuti ndadutsa.

Azakhali anadikira onse atamaliza. Kenako anafunsa, osakweza mawu.

"Anakuuza liti kuti akufuna kubwera?"

Ndikanatha kunena kuti mu Seputembala. Panalibe mboni, mwini nkhani anali m'bokosi. Koma bodza limodzi linali litandidyera kale atate anga, ndipo lachiwiri linandikanika kumeza.

"Mu Julaye," ndinatero.

Wina anafunsa chimene chinatigwira, ndipo ndinafotokoza, za nyenyezi, za zithunzi, za Loweruka limene ntchito inatha ine n'kunena kuti siinathe. Mawu amene ku Kabwe ankamveka aakulu, pamphasa paja ankamveka ngati zifukwa za mwana wosweretsa mbale. Palibe anandikalipira. Amalume ena anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe kanthu koma dzuwa, n'kuyang'ananso pansi.

Azakhali anadzuka n'kundiuza kuti ndiwatsatire. Tinadutsa kuseri kwa nyumba yawo kukafika pa kanyumba kena kakang'ono, ka udzu watsopano, kamene sindinakaonepo. Anatsegula. M'katimo munali mphasa yatsopano, bulangete lopinda bwino, mpando wachikopa cha mbuzi, ndi mtsuko wovundikira ndi mbale. Pansi panali pozira bwino, posalala, popanda phazi la munthu.

Anandiuza kuti atate anawaimbira okha mu Julaye, ine ndili kusukulu, kuwauza kuti akubwera, mwana akangomaliza ntchito yake. Ndiye iwo anaitana adzukulu awo kudzamanga kanyumbaka, kuti mlongo wawo asadzagone pabalaza ngati mlendo. Dothi lozirira anakakumba okha kudambo, ndi msana wawo womwewo.

"Ndinazira mu Julaye," anatero. "Panang'ambika, ndinaziranso mu Ogasiti. Ndinaziranso mu Seputembala. Madzi a mumtsukomu ndinkasintha m'mawa uliwonse."

Ndinati azakhali, ndikhululukireni. Anawerama, anavundukula mtsuko, anayang'anamo, n'kuvundikiranso. Kenako anandiuza kuti nyumba yomangira munthu siikhala yopanda wogonamo, ndipo masiku onse a maliro ine ndidzagona mmenemo, ndekha. Anatuluka n'kupita kukasamba m'manja, chifukwa anthu anali atayamba kunyamuka kupita kumanda.